CHIPANGIZO CHA MAGETSI SICHIDZIŴA MWINI WAKE

Mwezi wathawu tidapita ku chipatala china kukazonda mnyamata amene tidamuona akukula kuyambira ali wamng'ono. Tidampeza atakhala pa bedi, theka la nkhope yake litakulungidwa ndi bandeji, bambo wake ali chikhalire pambali pake. Mnyamatayo ndi wa zaka 19. Atalephera kupitiriza sukulu, bambo wake adagulitsa soya yense wa chaka chimenecho namgulira girayinda yaing'ono ndi makina ootcherera zitsulo kuti apeze poyambira. Ntchito idayenda bwino ndithu. Mafelemu a zitseko ndi a mazenera amene iye ankapanga adatchuka pa msika wa kwao, ndipo ndalama za sukulu ya alongo ake aŵiri zinkachokera m'manja mwake.

Tsiku la ngoziyo madisiki a girayinda yake adamthera ntchito ili pakati, mwini geti akudikira pomwepo. Mnzake wina adamubwereka disiki yaikulupo. Popeza disikiyo sinkaloŵa m'chotchinga, iye adamasula chotchingacho nachiika pansi. Magalasi oteteza maso adali nao, koma adali m'thumba la ovolosi. Asanamalize kudula chitsulo choyamba disikiyo idasweka, ndipo chidutswa china chidamlasa pa diso lamanzere. Madokotala adayesetsa, koma disolo silidzaonanso.

Potiperekeza, bambo uja adatiuza kuti chimene chikumuŵaŵa koposa ndicho chakuti iye mwini ndiye adagula chipangizocho, koma sadaganizeko zofunsa munthu wodziŵa za kagwiritsidwe kake, kapena kuonetsetsa kuti mwanayo waphunzitsidwa. Mau amenewo ndiwo atikakamiza kulemba nkhani ino. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Tikupempha kuti makolo ndi ana aiŵerenge pamodzi.

Mmene zipangizozi zidafikira pakati pathu

Makolo athu adali amisiri. Ndi nkhwangwa, sompho ndi kasemasema ankasema mitondo, mipini ndi mabwato. Pambuyo pake padafika sowo wamanja ndi puleni yamanja, ndipo akalipentala adachuluka m'midzi. Zida zimenezi zinkavulaza anthu, inde, koma zili ndi khalidwe limodzi labwino: dzanja likaima, chida nacho chimaima. Mphamvu yake ndi ya mwini wake yemweyo.

Chipangizo cha magetsi sichitero. Dirilo yoyamba ya magetsi idalembetsedwa mu 1889 ku Melbourne ndi Arthur James Arnot ndi mnzake William Blanch Brain. Mu 1895 kampani ya Fein ya ku Stuttgart idapanga dirilo yonyamulika m'manja, ndipo mu 1917 a Black & Decker a ku America adaipatsa chogwirira chonga cha mfuti chimene tikuchidziŵa lero. Girayinda yothamanga kwambiri idatulukira ku Germany mu 1954, ndipo dirilo ya batire mu 1961.

Kuno kwathu magetsi a pa mtsinje wa Shire adayamba kupangidwa pa Nkula mu 1966, pa Tedzani mu 1973 ndi pa Kapichira mu 2000, ndipo ntchito yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP idayamba mu 1980. Lero munthu akaima pa Mponela, pa Mitundu, pa Jenda kapena pa Lunzu amamva kulira kwa magirayinda kuyambira m'maŵa mpaka madzulo. Ichi ndi chinthu chokondweretsa, pakuti mabanja ambiri akudyera pomwepo. Komatu zipangizo zafika msanga kuposa chiphunzitso chake. Ambiri amazigula pa kaunjika, zopanda kabuku ka malangizo, zina zopanda chotchinga, ndipo amaphunzira poonera mnzao amene nayenso adaphunzira poonera.

Chimene magetsi amachita m'thupi

Magetsi amene ESCOM imatibweretsera m'nyumba ndi m'mashopu ndi a mavoti 230. Koma chimene chimapha munthu ndicho kuchuluka kwa magetsi oyenda m'thupi mwake, kumene kumayesedwa m'maampu. Ampu imodzi imagaŵidwa m'magawo 1,000 otchedwa mamiliampu. Miliampu imodzi yokha munthu amaimva kunyerenyesa pa chala. Akafika pa mamiliampu 10 mpaka 20, minofu ya dzanja imakungika, kotero kuti munthu amafumbata waya kapena chipangizocho osatha kuchitaya ngakhale akufunitsitsa. Mamiliampu 50 mpaka 100 akadutsa pa chifuŵa, mtima umasokonezeka kagundidwe kake nuleka kupopa magazi, ndipo munthu angathe kufa m'mphindi zoŵerengeka.

Khungu louma limakaniza magetsi pang'ono ndithu, koma khungu lonyoŵa ndi thukuta kapena mvula limaŵapatsa njira. Munthu woima pa nthaka yonyoŵa wopanda nsapato akakhudza waya wamoto, magetsi odutsa mwa iye angathe kupitirira mamiliampu 200. Ndicho chifukwa chake nyengo ya dzinja ili yoopsa kwa amisiri ogwirira ntchito pabwalo, ndipo nkosayenera konse kugwira chipangizo cha magetsi pa mvula kapena ndi manja onyoŵa.

Ena amaganiza kuti fyuzi ya m'pulagi idzaŵapulumutsa. Iai. Fyuzi ya maampu 13 imalola mamiliampu 13,000 kudutsa isanapse. Ntchito yake ndiyo kuteteza waya kuti asayake moto. Munthu angathe kufa fyuzi ili bwinobwino. Chimene chimateteza munthu ndi buleka yotchedwa RCD, imene imaŵerengera magetsi opita ndi obwerera. Ikaona kuti mamiliampu 30 asochera, imadula magetsi lisanathe gawo limodzi mwa magawo 3 a sekondi. Aliyense wogwiritsa ntchito zipangizo zamagetsi ayenera kuitana mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA kuti amuikire buleka yotere, ndipo azidina kabatani kake koyesera kamodzi pa miyezi 3 kuti aone ngati ikugwirabe ntchito.

Pulagi ndi chingwe

Pulagi yathu ili ndi mano 3, ndipo dzino lililonse lili ndi waya wake. Waya wofiirira ndiye wamoto, wabuluu ndiye wobwerera, ndipo wa mizere yobiriŵira ndi yachikasu ndiye wa ku nthaka, amene amalumikizidwa ku dzino lalitali lija la pamwamba. M'nyumba zakale mudzapeza wofiira, wakuda ndi wobiriŵira, m'ndondomeko yomweyo. Waya wamoto akaduka m'kati nakhudza thupi lachitsulo la chipangizo, waya wa ku nthaka ndiye amatenga magetsiwo, fyuzi nkupsa kapena buleka nkugwa. Akakhala palibe, magetsiwo amadikira dzanja la mwini wake. Zipangizo zina zimakhala ndi chizindikiro cha kabokosi kali m'kati mwa kabokosi kanzake. Zimenezo zidakutidwa kaŵiri ndipo zimayenda ndi mawaya aŵiri okha, koma pulasitiki wake akang'aluka chitetezo chimenecho chatha.

Tsono taonani zimene timaziona tsiku ndi tsiku. Wina wadula pulagi, nkuloŵetsa mawaya osakutidwa mu soketi, nkutsendera ndi timitengo ta machesi. Wina walumikiza zingwe ziŵiri nkukulungapo jumbo. Wina fyuzi itapsa waikapo msomali kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Zonsezi ndi misampha imene munthu amadzitchera yekha, ndipo kaŵirikaŵiri wokodwamo amakhala mwana wongodutsa.

Musanayambe ntchito, zulani pulagi ndipo muyendetse chingwe chonse m'manja mwanu kufunafuna pong'ambika. Chingwe chong'ambika chisinthidwe. Musanyamule chipangizo pogwira chingwe, ndipo pozula gwirani pulagi yeniyeniyo. Chingwe chikhale kumbuyo kwanu, kutali ndi podula. Ekisitenshoni yokulunga pa gudumu muziitambasula yonse, pakuti waya wokulungidwa amasunga kutentha mpaka kusungunuka. Kumbukiraninso kuti pulagi ya maampu 13 imanyamula mawati pafupifupi 3,000 okha. Kulumikiza girayinda, puleni ndi makina ootcherera pa ekisitenshoni imodzi ndiko kuitana moto. Chipangizo chikayamba kununkha chopserera, kuthetheka kwambiri m'kati kapena kukunyerenyesani m'manja, chilekeni pomwepo mpaka wodziŵa achione.

Girayinda

Tikhale kanthaŵi pa girayinda, pakuti ndiyo yavulaza mnyamata wathu uja. Girayinda yaing'ono ya disiki ya mamilimita 115 imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndiko kunena kuti oposa 180 pa sekondi imodzi. M'mphepete mwa disikiyo mumathamanga pa liŵiro loposa makilomita 230 pa ola. Munthu akaona choopsa amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a sekondi kuti achotse dzanja. Pa kanthaŵi kameneko disiki yazungulira kale maulendo oposa 40. Palibe mmisiri, ngakhale wochenjera chotani, amene angaipose changu.

Pa disiki iliyonse padalembedwa liŵiro limene isapitirire. Ya mamilimita 180 imalekeza pa 8,500, ndipo ya 230 pa 6,600. Vuto ndi lakuti bowo la pakati ndi lofanana, motero disiki yaikulu imakwana pa girayinda yaing'ono chotchinga chikachotsedwa. Ikatero imathamanga kuposa mphamvu zake nisweka, ndipo zidutswa zake zimauluka popanda chozitsekereza. Disiki imakalambanso: pa kachitsulo ka pakati pamadindidwa mwezi ndi chaka chimene iyenera kuleka kugwiritsidwa ntchito, kaŵirikaŵiri zaka 3 chipangidwire. Disiki yodutsa nthaŵi, yonyoŵa, yogwa pansi kapena yokhala ndi mng'alu itayidwe, ngakhale ioneke yatsopano.

Malamulo a girayinda ndi aŵa. Chotchinga chisachotsedwe, ndipo chiloze kwa inu. Chogwirira cha pambali chikhalepo, ndipo mugwire ndi manja onse aŵiri. Disiki yopyapyala ndi yodulira, osati yopalira. Mukaikankhira cham'mbali imathyoka. Chitsulo chodulidwa chimangidwe pa vayisi, osati kupondedwa ndi phazi kapena kugwiridwa ndi mnzanu. Mukaika disiki yatsopano, iyendetseni kwa mphindi imodzi italoza kumene kulibe munthu. Musaiike pansi isanaime. Ndipo musayerekeze kuika mpeni wa mano wochekera matabwa pa girayinda: mano akagwira mfundo, chipangizo chonse chimadumphira kwa mwini wake, ndipo anthu ataya zala ndi manja mwa njira imeneyi. Moto wothetheka nawo umauluka mamita angapo. Udzu wa denga, utuchi, petulo ndi penti zikhale kutali.

Sowo, puleni ndi dirilo

Sowo wa magetsi amavulaza makamaka pamene thabwa lapana mpeni wake. Pamenepo sowoyo amabwerera mmbuyo mwamphamvu. Chifukwa chake thabwa likhazikike bwino kuti chidutswa chodulidwacho chigwe momasuka, mpeni utuluke pang'ono chabe kunsi kwa thabwa, ndipo wochekayo aime chapambali, osati kumbuyo kwenikweni kwa mpeniwo. Chotchinga chotseka chokha chisamangidwe ndi waya kuti chikhale chotseguka. Pa sowo wa pa tebulo, makamaka wopanga tokha, kathabwa kakang'ono kakankhidwe ndi ndodo yokonzeratu, osati ndi zala. Matabwa ogwirapo kale ntchito ayambe azulidwa misomali. Mpeni wobuntha ndi woopsa kuposa wakuthwa, pakuti umafuna kukankha ndi mphamvu, ndipo pokankhapo ndi pamene dzanja limatererekera.

Dirilo imaoneka yofatsa, koma nayo ili ndi zake. Chitsulo choboola chikapanika, dirilo yonse imapota dzanja mpaka kulibzungula. Pa makwerero kupotoka kumeneko kungagwetse munthu. Kachitsulo kakang'ono kogwiridwa ndi manja kamazungulira pamodzi ndi dirilo nkucheka zala, motero kamangidwe. Kiyi womangira achotsedwe musanayatse. Poboola khoma kumbukirani kuti mawaya obisika amayenda molunjika kukwera, kutsika kapena chopingasa kuchokera pa soketi ndi pa switchi. Peŵani mizere imeneyo.

Lamulo limodzi likhudza zipangizo zonse: musanasinthe disiki, mpeni kapena chitsulo choboola, ndiponso musanachotse utuchi wotsekeka, zulani pulagi kapena chotsani batire. Kuzimitsa switchi kokha sikukwanira, pakuti chigongono kapena mwana angathe kuidina.

Makina ootcherera zitsulo

Kuŵala kwa moto wootcherera kumatentha khungu la diso monga dzuŵa limatenthera khungu la thupi. Choipa chake ndi chakuti ululu sumveka nthaŵi yomweyo. Pakapita maola 6 mpaka 12, pakati pa usiku, munthu amadzuka maso akuŵaŵa ngati muli mchenga, misozi ili chuchuchu. Magalasi akuda a pa msika sateteza. Chofunika ndi chigoba chophimba nkhope yonse chokhala ndi galasi lake lenileni. Kutsinzina kapena kuyang'ana kumbali sikuthandiza. Ana amene amaunjikana kuonerera moto wokongolawo amavulala chimodzimodzi, motero pootcherera patchingidwe ndi lata kapena thabwa.

Makina ootcherera opanga tokha, a mawaya okulunga pa zitsulo popanda chophimba, apulumutsa mabanja ku njala, koma mawaya ake ali poyera. Aikidwe m'bokosi loloŵa mpweya, pouma, pamene mwana sangafike. Ndipo tikuchenjeza kolimba za migolo ndi matanki amene mudali petulo, dizilo kapena mankhwala a penti. Ngakhale aoneke opanda kanthu, mpweya wotsalira m'kati umaphulika ukakhudzidwa ndi moto wa girayinda kapena wootcherera. Mgolo umene simudziŵa chimene chidalimo musaudule.

Adani oyenda pang'onopang'ono

Pali ngozi zina zosatulutsa magazi. Fumbi lotuluka podula njerwa, konkire, miyala ndi matailosi lili ndi timchenga tosaoneka ndi maso timene timakhazikika m'mapapo nkuŵaumitsa. Nthenda imeneyi, yotchedwa silicosis, ilibe mankhwala ochiza, ndipo imatsegulira njira chifuŵa chachikulu. Ndiyo idadwalitsa abambo athu ambiri amene adapita ku migodi ya golide ku Joni. Mu 2019 khothi la ku Johannesburg lidavomereza kuti makampani a migodi apereke marandi 5 biliyoni kwa odwala ndi mabanja ao. Chimene chidagwira makolo pansi pa nthaka chisagwire ana pabwalo la nyumba. Valani masiki yeniyeni ya fumbi yogwira bwino pa mphuno. Mpango womanga kukamwa sutsekereza timchenga timeneti. Dulirani panja, mphepo ikuchotsa fumbi kwa inu.

Phokoso nalo limadya makutu mwakachetechete. Akatswiri amaika malire pa madesibelo 85 kwa maola 8. Girayinda ikamadula chitsulo imafika cha m'ma 100, ndipo pa mlingo umenewo mphindi 15 zokha pa tsiku ndizo khutu lingapirire. Ngati muyenera kufuula kuti munthu woima pafupi nanu akumveni, phokosolo lapitirira. Zotsekera m'makutu ndi zotsika mtengo, koma khutu likagontha silibwereranso.

Magetsi akazima

Tonse tikudziŵa kuzimazima kwa magetsi, makamaka monga zidaliri namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, pamene dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yoposa chaka. Pano pali msampha umene ambiri sauganizira. Magetsi akazima ntchito ili pakati, mmisiri amaika girayinda pa benchi switchi ili chiyatsire, nkupita kukacheza. Akabwera magetsi, girayindayo imadzuka yokha nkuthamanga pa benchi kapena pansi pamene ana akuseŵera. Magetsi akangozima, zimitsani switchi ndi kuzula pulagi musanachite china chilichonse.

Jenereta isayake m'nyumba, m'shopu yotseka kapena pafupi ndi zenera. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu, nkuodzera, osadzukanso. Musaithire petulo ikuyaka kapena ikadali yotentha. Musailumikize ku soketi ya m'nyumba ndi chingwe cha mapulagi aŵiri, pakuti magetsi ake amabwerera ku mawaya a panja nkukagwira wantchito amene akukonza pa mtengo.

Zipangizo za batire sizigwira munthu ndi magetsi monga zinzake, koma zimacheka chimodzimodzi, ndipo zimakhala zokonzeka nthaŵi zonse. Batire itchajidwe ndi chaja yake, isasiyidwe pa dzuŵa, ndipo yotupa kapena yong'aluka isagwiritsidwenso ntchito, pakuti ingathe kuyaka moto wovuta kuzima.

Mwini chipangizo

Chovala cholendeŵera, manja a malaya aataliatali, chitenje, mpango ndi mkanda zimakodwa pa chinthu chozungulira nkukokera munthu komweko. Magolovesi ndi abwino ponyamula malata ndi pootcherera, koma pa dirilo ndi pa sowo wa pa tebulo amakodwa nkukoka dzanja. Nsapato zikhale zotseka ndi zolimba, osati patapata. Magalasi oteteza maso akhale pa maso. A m'thumba sateteza munthu. Ponyamula makwerero achitsulo kapena zitsulo zazitali yang'anani kumwamba, pakuti mawaya a mavoti 11,000 ndi 33,000 amadutsa m'misika yathu, ndipo magetsi otere amalumpha ngakhale chitsulo chisanakhudze waya.

Moŵa, chamba, tulo ndi mkwiyo siziyenderana ndi chipangizo cha magetsi. Nako kufulumira ndi chimodzimodzi. Ngozi zambiri zimachitika pa kantchito kotsiriza, dzuŵa likuloŵa, kasitomala ali pakhosi. Kuthamanga sikufika.

Ngozi ikachitika

1. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamgwire ndi manja. Zimitsani pa switchi yaikulu kapena zulani pulagi. Zikakanika, imani pa thabwa louma ndi kumkankha ndi mtengo wouma. Ngati ndi mawaya aakulu a panja, musayandikire konse. Itanani a ESCOM.

2. Ngati sakupuma, mgonekeni chagada pamalo olimba. Ikani manja anu pakati pa chifuŵa chake ndi kusindikiza mwamphamvu masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Mukasindikiza maulendo 30 muuzireni mpweya m'kamwa kaŵiri, nkupitiriza motero pamene wina akufuna galimoto. Ngakhale atsitsimuke naoneka bwino, apite ku chipatala, pakuti magetsi amatentha m'kati mosaoneka.

3. Pa bala lotaya magazi sindikizani ndi nsalu yoyera osaleka, ndi kukweza chiŵalocho. Chala chikaduka, chikulungeni m'nsalu yoyera yonyoŵa, muchiike m'jumbo yomanga, ndipo jumboyo muiike m'madzi ozizira kwambiri. Chipite pamodzi ndi mwini wake.

4. Pamene papsa thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi.

5. Kanthu kakalasa diso musatikite ndipo musayese kukazula. Phimbani disolo ndi kapu yoyera yosalikhudza, nkuthamangira ku chipatala. Musadonthezeremo mkaka wa m'maŵere, madzi a masamba kapena china chilichonse. Zipatala za Nkhoma, Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth Central zili ndi madokotala a maso, ndipo chipatala cha kwanu chidzakutumizani koyenera.

Kwa inu makolo

Mukafuna kugulira mwana chipangizo, ŵerengerani pamodzi mtengo wa magalasi, chigoba, masiki, zotsekera m'makutu ndi buleka ija. Ngati ndalama sizikwanira zonsezi, ndiye kuti sizinakwanire chipangizocho. Gulani chokhala ndi chotchinga, chogwirira ndi pulagi yake. Mtumizeni mwanayo kukaphunzira, kaya ku sukulu za ntchito zamanja monga za Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, zimene zimayendera ndondomeko ya TEVETA, bungwe lokhazikitsidwa mu 1999, kaya kwa mmisiri wodziŵika ndi kusamala. Pitani mukaone nokha mmene mmisiriyo amagwirira ntchito musanampatse mwana wanu. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa wosakwana zaka 18. Lamulo la mu 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito limaika udindo woteteza antchito pa owalemba. Ndipo pakhomo, chipangizo chikatha ntchito chizulidwe ndi kutsekeredwa. Kumbukiraninso kuti ana amatsata zimene timachita koposa zimene timanena. Bambo wotsendera mawaya ndi machesi waphunzitsa kale mwana wake.

Kwa inu anyamata ndi atsikana

Ntchito ya manja ndi yolemekezeka, ndipo tikukondwera kuona atsikana nao akuloŵa m'ukalipentala ndi m'ntchito yootcherera. Koma chuma chanu chenicheni ndi maso aŵiri, makutu aŵiri ndi zala 10. Girayinda ikaonongeka mudzagula ina, diso siligulidwa. Anzanu angakusekeni kuti ndinu amantha povala magalasi. Asekeni nao, magalasi ali pa maso. Chimene simukuchidziŵa funsani, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo bwana akakuuzani kuti mugwire chipangizo chopanda chotchinga kapena cha chingwe chong'ambika, kanani mwaulemu, koma kanani ndithu.

Mnyamata wathu uja adatuluka m'chipatala ndipo akufuna kubwerera ku ntchito yake, pakuti alongo ake akali pa sukulu. Akuphunzira tsopano kuyesa mtunda ndi diso limodzi, ntchito imene idzamtengera miyezi. Bambo wake adabwezera chotchinga chija pa girayinda ndi manja ake, ndipo wagula magalasi aŵiri: ena a mwana wake, ena a mnyamata amene amamthandiza. Ife tikupempha kuti nyumba iliyonse imene muli chipangizo cha magetsi, bambo kapena mai achitulutse sabata ino, aitane ana, ayang'ane pamodzi pulagi, chingwe ndi chotchinga, ndipo chimene chapezeka cholakwika chikonzedwe chisanayatsidwenso.